MBA ya mwini kampani ya tekinoloje: Johannesburg, Boston kapena pa intaneti?

Ndemanga iyi ndi ya munthu wa zaka zapakati pa 33 ndi 45 amene anayamba ngati wolemba mapulogalamu a pakompyuta kapena injiniya wa manetiweki, ndipo lero ali ndi kampani yakeyake ya antchito khumi kapena makumi atatu. Ntchito ya manja ake amaidziwa bwino. Zimene zikumusowetsa tulo ndi zina: kasitomala wamkulu amalipira patatha masiku 90 pomwe malipiro a antchito sadikira, munthu wofuna kuika ndalama m'kampani watumiza pepala lodzaza mawu osadziwika, ndipo amene anali mnzake poyamba bizinesi tsopano akufuna kuchoka ndi theka la masheya. Apa m'pamene ambiri amayamba kuganiza za MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Maganizo athu tiwanene poyamba pomwe: ngati kampani yanu ikuyenda ndipo ikudalirabe inu, MBA yophunzira m'zigawo (masiku angapo kusukulu, milungu ingapo kuntchito) ku South Africa ndiyo imakupatsani zambiri popanda kupha bizinesi. Masukulu otchuka a ku America ndi ku Ulaya ndi abwino ndithu, koma anakonzedwera munthu wina.

Musayambire pa mndandanda wa masukulu apamwamba. Mndandanda wa Financial Times, umene masukulu amakonda kuutchula, umadalira kwambiri malipiro amene omaliza maphunziro amalandira patatha zaka zitatu ndiponso mmene malipirowo akwerera poyerekeza ndi kale. Zimenezo n'zothandiza kwa wofuna kulembedwa ntchito ku banki kapena ku kampani ya alangizi. Mwini kampani amene amadzilipira pang'ono kuti ndalama zibwerere m'bizinesi sapezamo chilichonse chomukhudza. Chizindikiro choyenera kuyang'ana ndi chivomerezo cha mabungwe atatu: AACSB ya ku America, EQUIS ya ku Ulaya ndi AMBA ya ku Britain. Sukulu yokhala ndi chimodzi mwa izi yayesedwa ndi anthu akunja. Yokhala ndi zonse zitatu digiri yake siikayikiridwa kulikonse. Kupitirira apo, funso ndi la nthawi, ndalama, viza, ndi anthu amene mudzakhale nawo m'kalasi.

Tiyambe ndi amene ambiri amawalota. MIT Sloan Fellows, ku Cambridge pafupi ndi Boston, inayamba mu 1931 ndipo ndi ya chaka chimodzi chathunthu, kuyambira pakati pa chaka. Imafuna munthu amene wagwira ntchito zaka zosachepera 10. Stanford MSx ku California nayonso ndi ya chaka chimodzi, imayamba mu Julayi, imafuna zaka zosachepera 8, ndipo digiri yake ndi Master of Science osati MBA. London Business School ili ndi pulogalamu yake ya Sloan, ya miyezi 12. Atatuwa anapangidwira anthu okhwima kale pantchito, ndiye simudzakhala ndi achinyamata a zaka 27 amene sanalembepo munthu ntchito kapena kumuchotsa. Kwa munthu wa tekinoloje MIT ndi Stanford zili ndi mwayi wosowa kwina konse. Ku MIT kuli Martin Trust Center ndi pulogalamu yake ya delta v yokulitsa makampani a ophunzira, komanso likulu lomwe linayamba mu 2007 ndi dzina la Legatum Center, lothandiza amene akufuna kumanga bizinesi m'maiko ngati athu. Ku Stanford kuli kalasi ya Startup Garage, ndipo makampani akuluakulu oika ndalama mu tekinoloje ali pa Sand Hill Road, mtunda waufupi kuchokera pasukulu.

Mtengo wake ndi wolemera. Ku MIT ndi ku Stanford fizi yokha imaposa $130,000, ndipo mukaphatikiza nyumba, inshulansi ya chipatala ndi chakudya m'mizinda iwiri yodula kwambiri ku America, mumayandikira $200,000, makamaka ngati mwapita ndi banja. Ngongole ya maphunziro imakhala m'madola. Kumbukirani zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Amene ali ndi ngongole ya madola koma makasitomala ake amalipira m'makwacha, ngongole yake imakula ali mtulo. Ngongole yotere imabwezeka mosavuta ndi malipiro a ntchito ya ku America, ndipo umu ndi mmene ambiri amene anapita akunena kuti akukakulitsa kampani yawo amathera polembedwa ntchito kumeneko, kampani ija ikufota kwawo.

Palinso nkhani ya viza, imene iyenera kufufuzidwa musanalipire ngakhale mayeso oyamba. Mu Ogasiti 2025 boma la America linaika Malawi ndi Zambia pa ndondomeko yoti ofuna viza ya alendo azipereka chikole chofika $15,000, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho malamulo anakhwimitsidwanso kwa nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, mpaka kukhudza viza za ophunzira. Malamulo amenewa amasinthasintha, choncho funsani ofesi ya kazembe ndi ofesi ya ophunzira akunja ya sukuluyo mmene zilili pa tsiku limene mukufunsira malo. Ngakhale mutaipeza, viza ya F-1 siilola kugwira ntchito momasuka kunja kwa sukulu, ndipo kuyendetsa kampani muli ku America kungawerengedwe ngati ntchito yosaloledwa. Ku Britain lamulo n'lomveka bwino: wa viza ya ophunzira saloledwa kudzilemba yekha ntchito kapena kuchita bizinesi, ndipo kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri a digiri yachiwiri yophunzitsidwa m'kalasi saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana. Kwa munthu wa zaka 40 wa ana atatu, zimenezi zokha zikhoza kutseka nkhani ya London.

Tinene motere: Sloan Fellows ndi MSx n'zoyenera kwa amene wagulitsa kampani yake, kapena waisiya m'manja mwa mtsogoleri wodalirika kwa chaka chathunthu asanapite kusukulu, ndipo cholinga chake ndi kuyamba kampani yatsopano imene idzafune mpamba wa mamiliyoni a madola kuchokera kunja. Kwa ameneyu anzake a m'kalasi ndi aphunzitsi amatsegula zitseko zimene imelo yochokera ku Lilongwe siingatsegule. Kwa wina aliyense mtengo wake umaposa phindu.

INSEAD, ya ku Fontainebleau ku France ndi ku Singapore, tiidutsa msanga. MBA yake ndi ya miyezi 10, fizi ili pafupifupi €100,000, ndipo ophunzira ambiri ali ndi zaka pafupifupi 29. Ndi sukulu yabwino kwambiri kwa wofuna kusintha ntchito ndi dziko, ndipo makampani a alangizi amatengako anthu ambiri chaka chilichonse. Mwini kampani wa zaka 40 adzapeza kuti anzake akuthamangira ma intavyu pomwe iye akuganiza za msonkho ndi malipiro a kwawo.

Tsopano South Africa, kumene tikhalitse pang'ono chifukwa ndiko tikulozera ambiri. Masukulu atatu oyenera kuwaganizira ndi Gordon Institute of Business Science, GIBS, ya University of Pretoria, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ku Illovo mu Johannesburg; Graduate School of Business ya University of Cape Town, pa Breakwater pafupi ndi V&A Waterfront; ndi Stellenbosch Business School ku Bellville. Onse atatu ali ndi zivomerezo zitatu zija. Onse ali ndi njira yophunzira m'zigawo: mumapita kusukulu masiku angapo otsatizana, n'kubwerera kuntchito kwa milungu ingapo, mukuwerenga ndi kulemba muli kwanu, kwa zaka ziwiri. Fizi yonse siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ya ku MIT, ndipo imalipidwa m'marandi, chaka ndi chaka. Pali pangano la SADC la zamaphunziro lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, lonena kuti ophunzira ochokera m'maiko a SADC azilipira ngati eni dziko. Pofunsa mtengo nenani kuti ndinu nzika ya SADC, ndipo funsani ngati pali ndalama ina yoonjezera ya ophunzira akunja, chifukwa nthawi zambiri imakhalapo.

Ubwino waukulu wa kuphunzira m'zigawo suli pa mtengo wokha. Zimene mwaphunzira Loweruka mumakaziyesa Lachiwiri pa mabuku a kampani yanu. Kalasi ya kawerengedwe ka ndalama ikafika pa mtengo weniweni wotumikira kasitomala mmodzi, mumatsegula akaunti zanu n'kuona kuti kontirakiti imene mumainyadira kwambiri ndi imene ikudya nthawi ya mainjiniya anu atatu popanda phindu. Nkhani zimene aphunzitsi amabweretsa zimafanananso ndi zathu: magetsi kuzimazima, ndalama ya dziko kugwa, boma kuchedwa kulipira, kulowa msika wa dziko loyandikana nalo. Anzanu m'kalasi amakhala mabwana a mabanki, makampani a mafoni, a inshulansi ndi a migodi amene ali ndi nthambi ku Lusaka, Harare, Maputo ndi Blantyre. Kwa wogulitsa mapulogalamu kumakampani, amenewa ndiwo makasitomala a mawa.

Pakati pa Johannesburg ndi Cape Town, kwa wokhala ku Malawi kapena ku Zambia, Johannesburg ndi yosavuta. Ndege zochokera ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka zimatera pa OR Tambo, sitima ya Gautrain imakufikitsani ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15, ndipo Illovo ili pakati pa Sandton ndi Rosebank. Cape Town imafuna ndege ina ya maola awiri, kutanthauza kuti ulendo uliwonse umakudyerani tsiku lina ndi ndalama zina. Werengani maulendo onse a zaka ziwiri, muchulukitse ndi mtengo wa tikiti ndi malo ogona, muphatikize pa fizi: kwa ena maulendo okha amafika theka la fizi. Kumbali ya anthu, Johannesburg ndi kumene kuli malikulu a mabanki ndi makampani akuluakulu, choncho GIBS ndi yoyenera kwa amene amagulitsa kwa makampani. Cape Town ili ndi makampani ambiri ongoyamba kumene a tekinoloje ndi anthu owaikira ndalama, ndipo sukulu ya UCT ili ndi Bertha Centre, yomwe inayamba mu 2011, ndi Solution Space yothandiza mabizinesi atsopano. Ngati ntchito yanu ndi ya zaumoyo, zamaphunziro kapena yofikitsa ntchito za ndalama kwa anthu akumudzi, UCT ikukuyenerani koposa. Chenjezo limodzi pa UCT: Executive MBA yawo imakhazikika pa kaganizidwe ka mtsogoleri ndi kuona kampani ngati dongosolo limodzi lolumikizana. Ndi yozama, koma ngati chimene chikukusowani ndi luso la ndalama, tengani MBA wamba ya m'zigawo.

Apa pali mpanda umene ambiri amaugunda mochedwa. Kuyambira 2016 MBA ya ku South Africa ili pa mlingo wa NQF 9 (NQF ndi ndondomeko ya dzikolo yoika maphunziro m'milingo), ndiye kuti muloledwe mumafunika kukhala ndi digiri ya honours kapena postgraduate diploma, zomwe ndi NQF 8. Digiri yochokera kunja iyenera kuunikidwa ndi South African Qualifications Authority, SAQA, imene imapereka satifiketi yonena mlingo wake. Musaganize nokha kuti popeza munaphunzira zaka zinayi ndiye muli pa mlingo 8. Dikirani SAQA inene. Kuunikaku kumafuna makope otsimikizika a satifiketi ndi transcript, ndipo SAQA imafunsa yunivesite yanu kuti itsimikize kuti munaphunziradi kumeneko. Pamenepa m'pamene pamachedwa, chifukwa kalata ikhoza kukhala milungu pa tebulo la ofesi ya kaundula. Pitani nokha, kapena tumani munthu, kukaonetsetsa kuti ayankha. Ngati digiri yanu yaikidwa pa mlingo 7, si mapeto: mumayamba ndi diploma ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo ku GIBS diploma imeneyi inalumikizidwa kale ndi MBA ngati gawo lake loyamba.

Za nthawi musadzinamize. Ku South Africa credit imodzi imawerengedwa ngati maola 10 a ntchito, ndipo digiri ya mlingo 9 siichepera ma credit 180. Amenewo ndi maola 1,800. Mukawagawa pa zaka ziwiri, ndi maola 17 kapena 18 mlungu uliwonse, pamwamba pa kuyendetsa kampani, ndipo milungu ya mayeso imafuna ochuluka. Gawo lalikulu la ntchito limachitika m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi awiri amene mumakumana nawo usiku pa intaneti. Mukasowa kawiri katatu chifukwa seva yagwa, anzanu amakulembani moipa, ndipo dzina limene munabwera kudzamanga limawonongeka pamaso pa anthu omwewo amene mumafuna adzakhale makasitomala anu.

Chimene chimagwetsa ambiri si mayeso ayi, ndi kafukufuku wa kumapeto. MBA ya mlingo 9 imafuna lipoti la kafukufuku lokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ma credit onse, ndipo simuloledwa kufunsa munthu funso ngakhale limodzi musanalandire chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Eni makampani amakonda kusankha mutu wokhudza makasitomala awo, poganiza kuti manambala ali nawo kale. Komiti imafunsa ngati makasitomalawo anavomera kuti zinthu zawo zigwiritsidwe ntchito motero, ndipo yankho likakhala ayi miyezi iwiri yapita. Sankhani mutu chaka choyamba chisanathe, ukhale wopapatiza, ndipo pezani woyang'anira amene amayankha maimelo. Ophunzira a chaka chapatsogolo amawadziwa. Musanaike pulogalamu ya kampani yanu kapena njira yanu yachinsinsi m'kafukufuku, werengani malamulo a yunivesite pa umwini wa zinthu zotulukiridwa. South Africa ili ndi lamulo la 2008 lopatsa mayunivesite umwini wa zotuluka m'kafukufuku wolipiridwa ndi ndalama za boma, ndipo woika ndalama aliyense wanzeru adzafunsa ngati pali wina amene angati pulogalamuyo ndi yake.

Za chilolezo cholowera m'dziko, Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo, koma kuphunzira ndi nkhani ina. Lemberani ofesi ya ophunzira akunja ya sukuluyo kuti ikuuzeni, polemba, mtundu wa chilolezo chimene wophunzira wa m'zigawo amafunika. Viza ya ophunzira imafuna kuti mukhale pa sikimu ya chipatala yolembetsedwa ku South Africa komweko. Ya kwanu siiwerengedwa.

Maphunziro a pa intaneti ndi otsika mtengo kuposa a ku America ndi ku Ulaya amene tatchula, ndipo ena ndi enieni. iMBA ya Gies College of Business ya University of Illinois inayamba mu 2016 kudzera pa Coursera, tsamba la maphunziro a pa intaneti, mtengo wake wonse uli cha m'ma $25,000, siikakamiza mayeso olowera a GMAT, ndipo sukuluyi inatseka MBA yake ya m'kalasi kuti ilimbikire imeneyi. Boston University inayamba yake mu 2020 pa $24,000. Edinburgh Business School ya Heriot-Watt imalola kulipira phunziro limodzilimodzi ndi kuyenda pa liwiro lanu, zomwe zimathandiza pamene ndalama zakunja zikusowa ndipo banki ikukupatsani madola pang'onopang'ono. Zimene mudzaphunzire pa ndalama, malonda ndi kayendetsedwe ka ntchito sizisiyana kwenikweni ndi za masukulu odula. Chosowa ndi anthu. Munthu amene mwangomuona pa Zoom sadzakuimbirani foni kuti banki yawo ikufuna pulogalamu ngati yanu. Ganiziraninso kuti Illinois ili m'mbuyo ndi maola 7 kapena 8 poyerekeza ndi nthawi yathu, ndiye ntchito za m'magulu zimagwa pakati pa usiku, ndipo mayeso oyang'aniridwa ndi kamera amasokonekera magetsi kapena intaneti ikangoduka. Khalani ndi inivetala ndi malaini awiri a makampani osiyana musanalembetse. Njira iyi ndi yabwino kwa amene ali kale ndi anthu owadziwa okwanira koma akufuna kumvetsa manambala.

Za kwathu kuno sitizinyoza. ESAMI, yomwe likulu lake lili ku Arusha ku Tanzania, imaphunzitsa Executive MBA ku Lilongwe, ndipo MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic, nayonso ili ndi MBA. Simukwera ndege, simusiya banja, ndipo m'kalasi mumakhala ndi akuluakulu a m'maunduna, mabanki ndi mabungwe amene amasaina makontirakiti m'dziko lino. Ngati msika wanu wonse uli ku Malawi, ubale umenewu ndi wamtengo wapatali. Kufooka kwake n'kwakuti maphunzirowa anakonzedwera oyendetsa mabungwe okhazikika, choncho nkhani za mpamba wa makampani ongoyamba kumene a tekinoloje simudzazipeza mozama. Sukulu ina iliyonse ya m'dziko muno imene ikukukopani, onani kaye ngati pulogalamuyo payokha, osati sukulu yokha, ili pa mndandanda wovomerezeka wa National Council for Higher Education.

Kulikonse kumene mukuganiza, pemphani mndandanda wa maphunziro osankha a chaka chatha, osati kabuku kotsatsa malonda, ndipo funsani kuti ndi ati anaphunzitsidwadi, chifukwa phunziro losankha limathetsedwa olembetsa akachepa. Fufuzani zinayi: ndalama za makampani ongoyamba, kaikidwe ka mitengo, kukambirana mapangano, ndi kutsogolera anthu. Choyamba chija ndicho chofunika koposa, ndipo n'chosavuta kuyesa ngati sukulu imachiphunzitsa bwino. Womaliza maphunziro kumeneko ayenera kuwerenga term sheet, pepala la mfundo zimene woika ndalama akufuna, n'kukuuzani tanthauzo lake m'makwacha. Tiyerekeze kuti munthu wavomera kuti kampani yanu ndi ya $2 miliyoni asanaikemo $500,000 yake. Akaika imakhala ya $2.5 miliyoni ndipo iye watenga 20 peresenti. Akanena kuti masheya 10 peresenti a antchito apatulidwe iye asanalowe, 10 imeneyo ikuchoka kwa inu nokha, ndipo mwatsala ndi 70 osati 80. Akaikanso mawu akuti liquidation preference ya 2x, kutanthauza kuti ndalama zake zibwerere kuwirikiza kawiri ena asanalandire kanthu, ndiye kuti kampani ikadzagulitsidwa $1.5 miliyoni iye amayamba watenga $1 miliyoni, inu ndi antchito anu n'kugawana theka la miliyoni lotsalalo. Eni makampani ambiri aluso ataya ntchito ya zaka khumi pa mizere iwiri yotereyi, ndipo sukulu imene siingakuphunzitseni kuiona isalandire ndalama zanu.

Mayeso olowera asakuopseni, koma asakupezeni osakonzeka. GMAT ya masiku ano, yomwe inalowa m'malo mwa yakale kumayambiriro kwa 2024, ndi ya maola awiri ndi mphindi 15, magawo atatu a mphindi 45 lililonse: masamu mafunso 21, kumvetsa zolembedwa mafunso 23, ndi kumasulira manambala ndi matebulo mafunso 20. Malikisi amachokera pa 205 kufika pa 805 ndipo amagwira ntchito zaka zisanu. Mapulogalamu ambiri a anthu akuluakulu amalandira Executive Assessment, ya mphindi 90 ndi mafunso 40, ndipo masukulu ena a ku South Africa amalandira NMAT kapena ali ndi mayeso awoawo. Funsani kaye kuti amalandira ati musanagule mabuku. Anthu a tekinoloje amanyozera gawo la kumvetsa zolembedwa podalira masamu, ndipo ndi limene limawatsitsa, chifukwa kuwerenga ndime yovuta ya Chingelezi nthawi ikuthamanga si chinthu chimene amachita tsiku ndi tsiku. Miyezi iwiri kapena itatu ya ola limodzi m'mamawa imakwanira ambiri.

Thandizo la fizi lilipo koma lili ndi malire. Chevening ya boma la Britain imafuna zaka ziwiri za ntchito ndi lonjezo lobwerera kwanu kwa zaka ziwiri, ndipo pa MBA imalipira fizi mpaka malire ena okha, yotsalayo mumaipeza nokha. Masukulu ambiri amagawa thandizo lawo kwa amene anafunsira malo koyambirira, ndiye kufunsira m'gawo lomaliza ndi kufika pamene mbale zatsukidwa kale. Musalipire fizi kuchokera mu akaunti ya kampani popanda chigamulo cholembedwa cha bodi ndi uphungu wa akauntanti wanu. Mnzanu wa masheya amene anavomera pakamwa amaiwala zinthu zikayamba kuvuta.

N'kuthekanso kuti chimene mukufuna si digiri. Stanford Seed ili ndi pulogalamu ya eni makampani okhazikika a mu Africa, imene imatenga pafupifupi chaka ndipo imalowetsamo gulu lonse la atsogoleri a kampani, inu muli pantchito pompo. Imafuna kampani imene ili kale ndi malonda a madola mazana angapo a zikwi pachaka. Y Combinator, pulogalamu ya ku America yokulitsa makampani ongoyamba, imatenga miyezi itatu ndipo imaika $500,000: $125,000 pa masheya 7 peresenti ndi $375,000 pa pangano la SAFE, loti ndalamazo zidzasanduka masheya mtsogolo. Kumeneko amakupatsani ndalama m'malo moti inu mulipire, koma amafuna kampani yotha kukula mofulumira kwambiri, ndipo ndi ochepa amene amatengedwa. Palibe woika ndalama amene amafunsa satifiketi ya MBA asanasaine. Amafunsa makasitomala, malonda a mwezi ndi mwezi, ndi cap table yoyera, mndandanda woonetsa amene ali ndi masheya ndi kuchuluka kwake.

Gawo limene timaliona lofunika kuposa kusankha sukulu ndi kukonza kampani musanayambe, ndipo limafuna miyezi isanu ndi umodzi. Yambani ndi mapangano anu. Ngati munalandirapo ndalama za munthu wina, mwina munasaina kuti mudzapereka nthawi yanu yonse ku kampani, ndipo kulembetsa sukulu popanda chilolezo chake cholembedwa kungakutayitseni masheya amene simunawatsirize kuwapeza. Kenako banki: onjezerani wosaina wachiwiri ndipo ikani malire a ndalama zimene angatulutse popanda inu. Msonkho sudziwa kuti muli pa mayeso: ku Malawi PAYE imafunika pofika pa 14 mwezi wotsatira ndipo VAT pofika pa 25, choncho pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina amene ntchitoyi ndi yake. Makiyi a seva, akaunti ya domain ndi malo osungira code zisakhale m'mutu mwanu mokha kapena pa foni yanu yokha. Makampani ang'onoang'ono ambiri amaima tsiku lonse chifukwa nambala yotsimikizira ikupita ku foni ya mwini amene ali m'ndege. Makasitomala anu atatu aakulu muwadziwitse nokha, maso ndi maso, munthu amene azilankhula naye, ndipo ayambe kumuzolowera inu mukadalipo.

Mukachita zonsezi, dziyeseni: chokani milungu iwiri, foni ya kuntchito mutaisiya, n'kuona chimene chasweka. Ngati malipiro achedwa kapena kasitomala wakwiya chifukwa palibe amene akanatha kusankha chochita, kampani sinakonzeke ngakhale maphunziro a m'zigawo, ndipo ndi bwino kudikira chaka china. Ngati zayenda, pemphani sukulu kuti ikulumikizeni ndi omaliza maphunziro atatu amene anali eni makampani pamene amalowa, osati olembedwa ntchito, muwafunse kuti malonda awo anali bwanji chaka choyamba cha sukulu ndiponso kuti kampaniyo ikadalipo kapena ayi. Sukulu imene ikulephera kupeza atatu otere yakuuzani kale kuti anthu ngati inu sapitako kawirikawiri. Chaka cha maphunziro ku South Africa chimayamba mu Januwale kapena Febuluwale, ndiye wofuna kulowa chaka chamawa atumize mapepala ake ku SAQA pofika Epulo, alembe mayeso olowera pakati pa chaka, ndipo apite ku banki yake kukapempha marandi a gawo loyamba la fizi kalata yomulandira ikangofika, chifukwa pempho la ndalama zakunja limatha kudikira milungu yambiri ndipo sukulu siisunga malo a munthu amene sanalipire.